Nkhono Pamphumi pa Agogo Kapyepye

Mwambi uwu unayamba motere, adzukulu inu, ndipo unayambira pamphumi pa agogo anga enieni. Lekani kuseka chithunzi chili pakhomacho. Iwe Tiyese, chotsa chala, pepala limenelo ndi lalikulu kwa bambo ako. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake munthu wamkulu anajambulidwa ali m'tulo, kukamwa kuli yasa.

Agogo angawo, a Kapyepye, anali wonyamula makalata nthawi ya atsamunda. Ankathamanga ndi thumba kuchokera ku Zomba mpaka ku Kabula atavala chisoti chofiira, ndipo anthu ankati fumbi lawo linkafika iwo atamwa kale madzi. Liwiro limenelo ndi lomwe linadyetsa banja lathu, choncho sindiwanyoza ayi. Koma munthuyo kukhala pansi sankakudziwa. Ankadya chiimirire, ndipo kutchalitchi ankanena "Ameni" abusa ali pakati pa pemphero.

Tsiku lina anakapereka phukusi kwa mzungu wina wamkazi, Dona Hezita, amene ankakhala m'tsinde mwa phiri. Mayi ameneyu ntchito yake inali kujambula zamoyo ndi utoto wosungunula m'madzi. Zithunzi zake zina ndinaziona ndili mwana, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira mtima wanga umasangalala. Nkhulukulu yake, ndi nthenga zofiira zija, unkachita kuopa kutsokomola kuti ingauluke. Bilimankhwe wake ankakuyang'ana ndi diso limodzi, lina lili pa ntchentche. Donayo ankatha kukhala pansi pa chitsamba chiyambire m'mawa, nyerere zikumukwera, kudikira kuti gulugufe atambasule mapiko.

Agogo za mbalamezo analibe nazo ntchito. Chomwe chinawagwira mtima chinali chithunzi chachikulu chochokera ku Mangalande, chopachikidwa pabalaza. Panali mkulu wina wa jekete lofiira, tsitsi loyera lochita kuvala ngati chipewa, dzanja lili pamutu pa galu, kumbuyo kavalo akunyezimira.

"Dona, ameneyu ndi mfumu ya kwanu?" anafunsa agogo.

"Iyayi, ndi agogo a bambo anga. Anamwalira ine ndisanabadwe."

"Nanga mukuwadziwa bwanji?"

"Si awa ndikuwaonawa? Taonani mphunoyo, si yomwe ndili nayoyi?"

Agogo anayang'ananso chithunzicho. Bambo awo anapita ku Joni iwo ali kubere, osabwerakonso. Anthu ankawauza kuti afanana ndi atate awo, koma panalibe poti n'kuyang'ana. Misozi inalengeza m'maso.

"Dona, ndijambuleni chonde. Ndikadzafa, ana a ana anga adzandione nkhope."

Donayo anali atayamba kale kumanga katundu wobwerera kwawo, koma anavomera. "Mubwere Loweruka, a Kapyepye. Koma mudziwe kuti kujambulidwa n'kukhala phee."

Loweruka agogo anatulukira atavala jekete lobwereka kwa aphunzitsi. Kumutu anamangirira thonje ndi luzi kuti afanane ndi mkulu uja. Galu wathu anali wankhupakupa, ndiye anakoka mbuzi. Pambuyo pankabwera akazi awo, agogo a Nasoko, akupukusa mutu njira yonse.

Dona anawakhazika pampando, n'kuviika kaburashi m'madzi. Atangolemba mzere umodzi, agogo anadzambatuka.

"Mwatha, Dona?"

"Ndangoyamba khutu. Khalani pansi."

Anakhala. Posakhalitsa anatembenuka kuthamangitsa ntchentche, utoto n'kuyenderera mpaka pachibwano. Utoto wa madzi sukhululuka, ukaphonya waphonya. Dona anatenga pepala lina. Ali mkati, mbuzi inasuzumira n'kuyamba kudya thonje lija, agogo n'kuithamangitsa mpaka m'maluwa. Pepala lachiwiri linaonongeka choncho, lachitatunso chimodzimodzi.

Dona anaika burashi pansi. "A Kapyepye, pepala labwino latsala limodzi lokha, ndipo ine ndinyamuka mawa. Limeneli likaonongeka, basi, nkhope yanu ipita nanu kumanda."

Kenaka anatola nkhono yaikulu yomwe ankaisunga m'mbale pakhonde, yonse italowa m'chigoba. "Nkhono iyi ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga take. Iikeni pachikhatho. Mukawaona masowo mundiitane, ndidzadziwa kuti mwaphunzira kukhala."

"Ha! Ine ndinapitirira mkango pa Namadzi, ndilephere kachilombo kopanda miyendo?" anaseka agogo. "Musapite kutali, Dona."

Anayamba ndi ulemu. Anagogoda pachigoba. "Odi! Odi m'nyumba muno!" Kunali zii. Anathyola tsamba la kabichi n'kulikankhira pakhomo pa chigobacho, koma mwini nyumba sanalandire. Ataganiza kuti nkhono ya mzungu siimva Chinyanja, anaweramira pafupi n'kunena kuti, "Gudumoningi, bwana!"

Mwina chifukwa chotopa ndi phokoso, nkhonoyo inatulutsa kamutu pang'ono. Agogo anakuwa mpaka agalu a kupolisi anayankha. "Dona! Yatuluka! Fulumirani!" Pomwe Dona ankafika n'kuti italowa kale, ikungotulutsa thovu.

"Bambo, taisiyani ipume," anatero a Nasoko.

"Khala chete, Nasoko. Za boma iwe sungazidziwe."

Anatenga kamtengo n'kuitokosa. Inalowereratu m'kati. Anaiuzira mpweya, anaigwedeza pafupi ndi khutu, anaiopseza kuti akaiponya kwa abakha. Pomaliza nzeru inawabwerera, yomwe ija ya ntchito yawo. Anati chinthu chaulesi chimadzuka ndi mphepo. Anaifumbata n'kuliyatsa liwiro kuzungulira dimba la Dona, jekete likuuluka, mbuzi ikuwatsatira. Akazungulira ankaima n'kusuzumira, kenaka n'kuyambanso. Anathamanga dzuwa lili paliwombo mpaka linapendeka.

Miyendo yomwe sinagonjepo pamsewu wa ku Kabula inagonja m'dimba la maluwa. Agogo anadzigwetsa pansi pa mtengo wa mango, n'kuika nkhono pachifuwa.

"Uchite zako, mfiti iwe. Ulibe maso, Dona akundinamiza." Atatero, mkonono unayamba.

A Nasoko anakhala pambali pawo. Patapita nthawi anaona chigoba chikusuntha. Mutu unatuluka, kenaka khosi. Nkhono inakwera kolala ya jekete, inadutsa patsaya, inawoloka mphuno, mpaka inafika pamphumi. Pamenepo inaima n'kutambasula tinyanga take mwaufumu, ngati mwini dziko. A Nasoko ananyang'ama kukakodola Dona.

Dona atafika anagwira pakamwa. "Musawadzutse, amayi," ananong'ona. Anatenga pepala lotsala lija, n'kukhala pansi pa udzu. Dzanja lake linkayenda mwakachetechete, kuviika, kupaka, kudikira kuti paume, kupakanso. A Nasoko ankati chibadwire sanaonepo munthu akugwira ntchito mofatsa chotero. Nkhope ya amuna awo inkatuluka papepalapo pang'onopang'ono, iwo akungoyang'ana, osaphethira.

Agogo anadzidzimuka dzuwa likulowa, nkhope ili nanda ndi mamina a nkhono. Mwini maminawo n'kuti atatsika kale, wabwerera m'chigoba. Dona anawapatsa pepala.

"Aaa, Dona! Agogo anu ali ndi kavalo, ine mwandipatsa nkhono? Thonje likulendewera kukhutu, kukamwa ngati ng'ona! Adzukulu adzati chiyani?"

"Adzati ndinu amene, bambo," anayankha a Nasoko. "Taonani mpata wa mano uwo. Taonani chipsera cha tsiku lomwe munagwa pa mlatho."

Agogo anayang'anitsitsa, ukali n'kuyamba kuzizira. Anakhudza mphuno yawo, n'kukhudza ya papepala. Analidi iwo, makwinya onse ali m'malo mwake. Ndipo pamphumi panali nkhono yokongola zedi, chigoba cha mizere yofiirira chikuwala ngati chonyowa, kunsonga kwa nyanga iliyonse kuli kadontho kakuda.

"Kodi timadonthoti n'chiyani?"

"Ndi maso aja," anatero Dona.

"Ilidi ndi maso? Inu munawaona?"

"Ndinawaona."

"Iwenso, Nasoko?"

"Ngakhale mbuziyi inawaona, bambo. Amene simunawaone ndinu nokha, chonsecho anali pamphumi panu."

Chithunzicho ndi chimenecho, adzukulu. Agogo anachisunga m'bokosi la jekete laukwati, ndipo alendo akabwera ankachitulutsa monyadira, chala chitaphimba nkhono. Zomwe ankafuna zinatheka ndithu. Iwe Tiyese, mphuno imeneyo ndi yako, usakane. Makutu tikuwadziwa, mano tikuwadziwa. Koma maso a agogo palibe mdzukulu amene adzawaone, chifukwa munthuyo anakhala phee kamodzi kokha pamoyo wake, ndipo anali atatsinzina. Maso otsegula pachithunzi chonsecho ndi a nkhono.

Madzulo amenewo akubwerera kumudzi, agogo anali patsogolo monga mwa masiku onse, akudandaulabe kuti kachilomboko kanawachita chipongwe. A Nasoko anali pambuyo ndi mbuzi, akuyenda mosathamanga. Anawaitana kuti aime, n'kuwauza mawu omwe mudzi wonse unawatola:

"Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha."