Apongozi ndi Kabuleta Yanga

Mpaka lero ndikamadutsa pa Mua ndimayang'ana kumbali, kuopa kuti amayi ogulitsa mango aja angandizindikire.

Ndili ndi galimoto yakalekale yomwe anandisiyira malemu amalume, ndipo ndimainyadira kwabasi. Ndiye tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wake wa mkazi wanga ku Golomoti, ndinaletsa apongozi anga aakazi kukwera minibasi. Mayi a mwini chinkhoswe apanikizane ndi madengu a nsomba, mkamwini ali ndi galimoto?

Tinanyamuka pa Mtakataka nthawi yabwino, ine, mkazi wanga ndi apongoziwo. Koma ndikati ndiponde moto, galimoto inkayamba yaganiza kaye, n'kutsokomola, n'kunjanja. Tikuyandikira pa Mua inazimiratu.

"Ndi kabuleta," ndinalengeza (mawuwa ndinawatola kwa makaniko wina, ndipo ndimawakonda). Ndinaimasula, kuitsuka ndi petulo, kuuzira timabowo take mpaka milomo kuwawa. Galimoto inalira bwinobwino. Titayenda pang'ono, chifuwa chija chinayambiranso. Ndinamasulanso. Kachitatu kasipuling'i kanadumphira pa udzu, ndipo ndinakwawa ndi suti kukafunafuna, amayi a mango akundithandiza ndi maso.

Apa n'kuti apongozi atatsika, atakhala pansi kumbuyo kwa galimoto, atandifulatira mwaulemu. Kwathu kuno mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho mawu awo ankadzera mwa mwana wawo, mkazi wangayo, ngakhale ndinkawamva ndekha.

"Iwe, tawafunsa bambo a Chisomo, tanki yawoyi ikupumira pati?"

"Uwauze mayi kuti vuto lili kutsogolo kuno," ndinayankha, thukuta lili kamukamu.

"Uwauze kuti za galimoto ine sindizidziwa. Koma chigubu chopanda kabowo ka mpweya, parafini amatuluka monyinyirika."

Pamenepo ndinakumbuka. Chitsekerero cha tanki chinali chitatayika masiku apitawo, ndipo ine katswiri ndinatsekapo ndi chitsononkho chokulunga mu jumbo, n'kuchikhomerera ndi mwala kuti fumbi lisalowe. Nditachizula, tanki inapuma kuti fuuu, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Kabuleta yomwe ndinaizunza katatu konse inalibe mlandu.

Kasipuling'i kanapezeka, galimoto n'kuthamanga ngati yatsopano, koma ku Golomoti tinapeza anthu akusanjikiza mipando. Mwana wawo womaliza anali atamupereka kale kuchimuna iwo kulibe. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalakalaka akanangonditukwana. Iwo ayi. Anakonza mpango wawo, n'kuyang'ana kumbali.

"Uwathokoze bambo a Chisomo, atifikitsa amoyo. Tsiku la ukwati asadzavutike. Ndidzanyamuka dzulo lake, wapansi."

Musaganize kuti sindinaphunzirepo kanthu. Chitsononkho chatsopanochi ndachiboola pakati.