A Vitalis Zuze ndi Chikwapu Wawo

Mu Blantyre monse munalibe munthu wotukwanidwa ngati a Vitalis Zuze, ndipo chodabwitsa chawo chinali chakuti akatukwanidwa sankadziikira kumbuyo iwo eni. Ankaikira kumbuyo Chikwapu, munthu woti kulibe.

Amene munali ndi kanema m'nyumba zaka zija TV idakali yachilendo mukumukumbukira Chikwapu, mlamu uja wa m'sewero la Lachisanu, wa chipewa chanthenga, amene ankafika pamaliro ndi lole. A Vitalis ndiwo ankasewera ngati Chikwapuyo. Ine ndine Marjorie, ndipo m'seweromo ndinali mayi wamasiye amene ankalandidwa katundu sabata ndi sabata. Anandilandapo sofa, firiji, makina osokera, mpaka mbale ya galu. Tikamaliza kujambula ndinkapukuta misozi, n'kukakwera nawo minibasi imodzi, tikugawana chimanga chootcha.

Ku msika wa Limbe amayi ankakana kuwagulitsa tomato. Tsiku lina mayi Ella, ogulitsa nsomba zouma, anawatsekera njira.

"Mulibe manyazi bambo inu? Firiji ya mwana uja munapita nayo kuti?"

Munthu wina akanangoti mayi, lija ndi sewero. A Vitalis anatula jumbo pansi n'kupinda malaya.

"Firiji ija anagula ndani? Malemu aja anaphunzira sukulu ndi ng'ombe za ndani? Inu mwangomva mbali imodzi basi, mwaweruza kale."

Mayi Ella anawawomba ndi mlamba wouma pakhutu. A Vitalis anafika kuntchito khutu litatupa, akununkha nsomba, atakwiya koopsa. Kumenyedwako sikunawakhudze. Chinawapweteka n'chakuti mayiyo anawadula pakamwa asanafike pa mfundo yachiwiri.

Ulendo wina tinabwereka nyumba ku Namiwawa kuti tijambulemo. Mwini nyumba anaiwala kuuza mlonda wake, a Sulemani, amene anali atatumidwa kusitolo. Pobwerera, a Sulemani anaona Chikwapu weniweni akutuluka pakhonde atasenza TV ya abwana. Anakhoma geti, n'kumasula agalu. A Vitalis, munthu wamkulu thupi, anakwera pamwamba pa lole osaitaya TV ija, thalauza itang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pabondo.

"Achimwene, mangani agaluwo, tikujambula," anatero ali pamwambapo.

"Ndimakuonerani ine," anayankha a Sulemani. "Kuno kulibe wamwalira. Mwasokera."

Prince, mnyamata amene ankatsogolera sewerolo, anali kuseri kwa maluwa ndi wojambula. M'malo mothandiza anangonong'ona kuti kamera isazime. Gawo limenelo linatchuka mpaka ku Nsanje, kwawo kwa a Vitalis. Prince anaitanidwa ku hotela kukalandira chikho, n'kuuza anthu kuti za agaluzo anachita kulemba yekha. A Vitalis sanaitanidwe. Suti inang'ambikayo inali yawo ya ukwati, ndipo pa mayina oyenda kumapeto kwa sewero anawalemba kuti Vitalisi Zuzu. Anadandaula, anauzidwa kuti akonza, ndipo dzinalo linakhala Zuzu mpaka sewero linatha.

Komatu munthuyo anali wa kwaya ku tchalitchi cha Katolika, woimba besi, wosamwa ndi chibuku chomwe. Anatopa ndi kuona ana a ku Chimwankhunda, kumene ankakhala, akuthawa akawapatsa moni, ndiye anapempha Prince kuti kamodzi kokha awapatse malo a munthu wabwino. Anawaveka kolala, n'kukhala abusa m'sewero lina. Analalikira bwino zedi, ine ndemwe ndinagwetsa misozi yeniyeni. Koma lamya za ku wailesi yathu ya kanema sizinapume. Anthu ankaimba kuti chenjezani mpingo uja, abusawo athawa ndi belu. Kolala analandidwa.

Kenako kunabwera mabwana atsopano onena kuti owonera akufuna nkhope zachinyamata. Sanawaitane n'komwe a Vitalis. Lachisanu lina ali m'nyumba mwawo ndi akazi awo a Dorothy, anaona m'sewero mtsikana akuyankha foni n'kunena kuti Chikwapu wafera ku Joni. Basi, nyimbo n'kuyamba. M'mawa mwake anandipeza pa depoti maso ali psuu.

"Marjorie, ine ndamenyedwa ndi nsomba chifukwa cha munthu ameneyu. Alephera kundilola kuti ndigwe ndekha pansi? Ndinali nditakonzekera kale mmene adzafere. Amayenera kufa atagwira chitseko cha eni."

Anabwerera ku ntchito yawo yakale yolemba zikwangwani m'masitolo a ku Limbe. Wailesi ija inapitiriza kubwereza masewero akale, choncho kutukwanidwa kunapitirira ngakhale ntchito inali itatha.

Patapita zaka amuna anga a Kingstone anamwalira, ndipo ndinaona kuti zimene ndinkasewera zija sizinali nthabwala. Titangochoka kumanda, abale awo anaimika galimoto pakhomo panga n'kuyamba kumasula bedi. Ana anga anakhala pansi pakona akungoyang'ana. Ine mawu onse amene ndinkaloweza m'masewero anandithawa. A Dorothy, amene anali nafe pamaliropo, anatuluka mwakachetechete kukaitana amuna awo.

A Vitalis analowa atavala chipewa chanthenga chija, akuyenda mayendedwe a Chikwapu, mimba patsogolo. Sanapereke moni. Anagogoda kabati ndi chala, anakweza sofa n'kuisuzumira pansi, kenako anatembenukira amalume a malemu.

"Mwamasula bedi langa ndi chilolezo cha ndani?"

"Lanu bwanji, bambo?"

"Nyumba ino ndinayamba kuilanda inu musanadziwe njira ya ku Blantyre. Dziko lonse ndi mboni. Chilichonse muno ndi changa, ndangomusungitsa mayiyu. Amene atulutse ngakhale supuni akumana nane kukhoti, ndipo ndibwera ndi makamera kuti kwanu akuoneni Lachisanu."

Analibe kamera, analibe ntchito, khoti sanalowemo chibadwire. Koma amalume aja anamanganso bedi lija ndi manja awo, galimoto n'kubwerera yopanda kanthu. Itakhota, a Vitalis anavula chipewa, anakhala pansi pafupi ndi ana anga, n'kupempha madzi akumwa.

A Vitalis anatisiya chaka chatha. Anagwa pophunzira nyimbo kukwaya, ndipo kuchipatala anakafika atapita kale. Wailesi imene anaitchukitsa inalengeza kuti Chikwapu wamwalira, n'kuonetsa kachigawo kaja ka agalu, wowerenga nkhani akudzigwira kuti asaseke. Dzina lawo sanalitchule. Kumaliro sanatumize munthu. Prince anatumiza uthenga wa pafoni, ndipo ngakhale pamenepo analemba Zuzu. A kuwailesi atandiitana mwezi wotsatira kuti ndikhale agogo m'sewero latsopano, ndinawauza kuti agogowo nawonso afera ku Joni.

Ndimapitabe ku Chimwankhunda kukaona a Dorothy. Oyandikana nawo amati a Vitalis ankaloweza mawu awo m'bafa la panja m'mamawa, mokweza, ngakhale ntchito itatha kalekale, ndipo mzere wonse wa nyumba unkadzuka ndi mawu amenewo. Bambo wa kuseri kwa mpanda anakasumapo kwa mfumu ya m'dera kuti phokoso lachuluka. Bambo yemweyo anandiimitsa panjira sabata yatha. Akuti masiku ano amadzuka yekha nthawi yomweyo, n'kukhala pabedi kumvetsera, ndipo chimene chimamveka ndi madzi a pampopi wa a Dorothy akudzaza ndowa imodzi.