Magazi Obwereka kwa Make Filipo

Khalani pansi inu! Phokoso ngati msika wa Limbuli bwanji? Amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu. Aphunzitsi, munati mukufuna nkhani yoti mulembe, gwirani cholembera chanucho. Ine sukulu sindinaipondeko, koma mutu uwu walangiza anthu ambiri. Lero ndikuuzani tsiku limene mutu womwewu unandivula nsalu pagulu. Lembani zonse.

Mukuziona zigongono izi? Zigamba zoyerazi zinayamba kalekale. M'mawondo, m'mutu, kumsana. Zimayabwa, zimasupuka ngati khungwa la bulugama. Kutchalitchi ena anayamba kusendera ndikakhala pa benchi, ati khate. Khate la agogo awo!

Mwana wanga Esinati, uja amagwira ntchito ku Blantyre, atabwera anandikokera kuchipatala. Dokotala wake kamtsikana, koma kaulemu. Kanandigwira zigongono osanyansidwa.

“Agogo, ili si khate. Dzina lake psoriasis. Sipatsirana ayi.”

“Bwerezani mokweza, adokotala, mawuwo akafike kutchalitchi.”

“Koma pali china. Nthendayi si ya pakhungu pokha. Thupi limakhala ngati likudzitentha lokha m'kati, ndipo kwa anthu ena motowo umavutitsanso mitsempha ya mtima. Tiyeza magazi anu. Muli nambala imene imatiuza ngati motowo wakula.”

“Mtima wanga? Ine ndathyola tiyi utsikana wanga wonse, dengu kumsana, chitunda chokhachokha. Mtima uwu ndi injini!”

Apo Esinati n'kulowererapo. “Amayi, nambala imeneyo ikakhala yokwera, basi. Ndikukutengani ku Blantyre. Simukhalanso nokha kumudzi.”

Blantyre! Ndinakhalako sabata imodzi. Mpanda, geti lokiya, chimbudzi m'nyumba momwe mukudyeramo, tsiku lonse kuyang'ana anthu akupsompsonana pa TV. Nanga nanazi zanga? Nkhuku zanga? Ine ndikafere pa sofa?

Tsikulo ku labu, kumene amatenga magazi, anali atatseka kale. Anandilembera m'buku langa la kuchipatala kuti ndibwere Lachinayi. Esinati anabwerera kuntchito, nati Lolemba abweranso kuti tidzamve zotsatira limodzi.

Ndiye mutu uwu unayamba ntchito. Nthawi yathu ku esiteti ya tiyi, ukadwala m'bale wako amapita ndi nambala yako. Amathyola, kuika pa sikelo, kapitawo n'kulemba. Amalemba nambala, osati nkhope. Palibe amene anamangidwapo. Ndinati, nanga magazi asiyana pati ndi tiyi? Zonse n'zoyeza!

Ndinapita kwa make Filipo, mnzanga amene tinavinidwa limodzi. Mkazi ngati thirakitala. Amatsika m'phiri ndi mtolo wa nkhuni woti amuna awiri amangouyang'ana n'kudutsa. Chibadwire sanagonepo m'chipatala.

“Achemwali, ndibwerekeni magazi.”

“Mwayamba ufiti liti?”

“Pang'ono pokha, kabotolo ngati chala ichi. Mungolowa ndi buku langa, mutambasule mkono, mutuluke.”

“Akandigwira?”

“Akugwireni bwanji? Kwa ana a kuchipatalawa nkhalamba zonse n'zofanana. Duku, chitenje, basi.”

“Nanga ine ndidyapo chiyani?”

“Mphika wa kalongonda. Ndiphika ndekha, mpaka afewe.”

“Bweretsani bukulo.”

Lachinayi tinakwera njinga za kabaza, aliyense yake. Ndinamuveka juzi yanga ya manja aatali kuti zigongono zake zosalalazo zisaoneke. Pamzere wa ku labu anthu piringupiringu. Nesi anaitana dzina langa. Zii. Anaitananso. Zii. Make Filipo wangoima, akuyang'ana denga. Kachitatu ine mwini wake ndinatsala pang'ono kuyankha! Ndinamutsina pantchafu, nalowa. Posakhalitsa anatuluka ndi kathonje pamkono. Ndinabwerera kwathu ndikuimba nyimbo ya kwaya, ndikudziuza kuti anzeru m'dera muno alipo awiri, ine ndi Mulungu.

Lolemba Esinati anabwera, tinalowa kwa dokotala uja. Anayang'ana pepala. Anayang'ana ine. Anayang'ananso pepala.

“Agogo, mwabwera bwanji kuno?”

“Pa kabaza, mwanangu.”

“Thupi silikutentha? Pachifuwa? Mukupuma bwino?”

“Ndili gwa! Dzulo ndapalira nanazi.”

“Nambala iyi yakwera moopsa. Izi si za khungu lokha ayi. Penapake m'thupi mwanu muli matenda aakulu amene sitikuwaona. Tikugonekani kuti tifufuze.”

Ine mumtima ndinati, make Filipo? Thirakitala ija?

“Mwina makina anu atopa, adokotala.”

“Makina ali bwino, agogo. Izi ndi serious.”

Ndisanameze malovu nesi wafika ndi njinga ya odwala. Ati ndisayende, ndingagwe. Ine, munthu wokwera chitunda ndi dengu! Anandikhazikamo ngati thumba la chimanga, n'kuyamba kundikankha kupita ku wodi. Esinati pambali, misozi mbwembwembwe, foni kukhutu, akulankhula ndi mwamuna wake.

“Konzani chipinda chija. Akatuluka muno sabwereranso kumudzi. Nkhuku tigulitsa, munda tipatsa amalume.”

Amalume ake! Mchimwene wanga uja woti mbewu yake amakazinga n'kudya mvula isanagwe!

Tinali pakati pa khonde, pamzere wa anthu odikira mankhwala. Ndipo pamzerepo, tsoka ilo, panali amayi awiri a kutchalitchi kwathu, omwe aja osendera pa benchi. Ndinayeza mbali ziwiri: manyazi uku, Blantyre uku. Ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri, njinga n'kuima.

“Imani! Magazi aja si anga!”

Khonde lonse maso kwa ine.

“Si anu? Ndi a ndani?” Ameneyo ndi dokotala, anali akubwera kumbuyo ndi fayilo.

“Obwereka.”

“Amayi!” Esinati foni inatsala pang'ono kugwa. “Munthu amabwereka mchere, amabwereka nkhwangwa. Magazi?”

“Ku esiteti timatero.”

Bambo wina wa bandeji kumutu anaseka mpaka kugwira khoma. Amayi a kutchalitchi aja anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Koma dokotala sanaseke.

“Agogo, mwini magaziwo ali kuti? Ameneyo ndiye wodwala. Abwere lero lomwe.”

Ndinali nditaiwala kuti nambala ija ili ndi mwini wake.

Anatuma wa kabaza kukamutenga. Ine anandibweza ku labu, Esinati atandigwira dzanja ngati wapolisi, n'kuuza nesi kuti, “Awa ndi amayi anga enieni, ndikuchitira umboni.” Singano itangolowa ndinakuwa dzina la malemu bambo a Esinati. Musalembe zimenezo. Chabwino, lembani.

Make Filipo atafika, dokotala anamupatsa mpando. Anakana. Anamupatsanso. Anakana. Anamulowetsa kuseri kwa katani. Kunamveka nesi yekha: “Mayo ine!” Chithupsa kumatako, chachikulu ngati peyala, chakupsa, cha masabata awiri. Dokotala anati chinthu ngati chimenecho chimakweza nambala ija kuposa khungu langa lonse. Anachiboola tsiku lomwelo, n'kumugoneka.

Nanga magazi anga enieni? Mawa lake zotsatira zinatuluka. Nambala yakwera pang'ono pokha. BP nayo pang'ono. Anandipatsa mafuta opaka, timapilitsi ta m'mawa, ati mchere ndichepetse, ndizibwera kudzayezetsa ndi mkono wangawanga. Ndipo dokotala anauza Esinati pamaso panga kuti kulima ndi kuyenda kukundithandiza mtima, asandikhazike pa sofa. Mwamva? Ndikanangopereka mkono Lachinayi lija, ndikanatsala kwathu mwaulemu, popanda njinga, popanda khonde. Ndinatsala ndithu, koma mpaka lero ndikadutsa pamsika anyamata a kabaza amakuwa, “Agogo, lero mukubwereka chiyani?”

Ndinaphika kalongonda uja n'kupita naye ku wodi. Ndinamupeza make Filipo atagona chafufumimba.

“Achemwali, chinthu chonsecho, bwanji simunandiuze?”

Anatembenuza mutu, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

“Inu munapempha magazi. Matako simunafunse.”

Ndiye aphunzitsi, lembani apo ndi zilembo zikuluzikulu: thanzi la mnzako osaliyeza kutsogolo kokha. Tsono Lamulungu lotsatira nditalowa m'tchalitchi, amayi aja atandiona...

Ndani akuodira kumpandako? Mawu amenewo ndi a make Filipo! Aphunzitsi, bisani bukulo, khalirani pamenepo. Ee, achemwali, ndikubwera!