Filimu Imene Sindinaonere

Lolemba

Ndaziputa dala. Mayi Asiyatu, eni vidiyo shoo ya kugombe, andipeza pakhonde pomwe ndimasokera. Akuti asodzi abwerako kuchilumba cha Mbenji ndipo akufuna chachilendo: Loweruka munthu aime kutsogolo, afotokoze filimu isanayambe, monga ankachitira pa TV kale. "Nanga wina ndani, a telala? Si inu munkagwira ntchito pa pulogalamu yotereyi ku Blantyre?"

Ndavomera. Pakamwa pangapa!

Zoona zake ndilembe muno mokha:
- pulogalamuyo inalikodi. Anthu awiri pamipando, kuonetsa kachidutswa ka filimu, kukangana, kenako kupereka nyenyezi.
- ine ndinafikako tsiku limodzi.
- ndinapita kukasiya suti ya woulutsa. Anandikhazika pampando wake kuti ayese nyale.

Basi. Koma zaka zonsezi Salima yense ndamuuza kuti ndinali wa pa TV.

Lachiwiri

Dongosolo: kuonera filimu yonse, kulemba mfundo, kusita jekete.

Ndafika ku vidiyo shoo masana, magetsi palibe. Mayi Asiyatu andionetsa pafoni kachidutswa kokopera anthu, kamphindi ziwiri. Ndi yachimwenye. Ndaonamo bambo wandevu, galimoto ikuphulika, mtsikana akulira, ndi mbuzi.

"Kwa katswiri ngati inu, zakwana," akutero. Ndagwedeza mutu ngati wodziwa.

Lachitatu

Magetsi ayaka. Mayi Asiyatu aimba foni kuti ndikaonere yonse. Pakhonde pali makasitomala atatu, makutu tcheru. Ndayankha mokweza kuti ife a pa TV sitinkaonera filimu yonse, tinkangoinunkhiza.

Kuinunkhiza! Ndi usipa kodi?

Lachinayi

Masamba atatu adzaza. Wandevu ndiye ngwazi. Mtsikana ndi mwana wake, wabedwa ndi zigawenga. Mbuzi sindikudziwa poiika. Nyenyezi ndapereka zinayi, zisanu angandikayikire.

Ndayeserera pamaso pa akazi anga akupeta mpunga. Amvetsera mpaka pomaliza. "Zokoma, abambo. Mwaionera liti?"

Ndatsokomola.

Lachisanu

Pamsika pali chikwangwani cha choko: KATSWIRI WA PA TV, MAWA 2 KOLOKO.

Anthu potuluka kumzikiti akundipatsa moni wa manja awiri. Che Saidi, eni maboti awiri, munthu amene sanandiyankhulepo chiyambire: "Inshallah, ine benchi yakutsogolo."

Ndazemba kuti ndikaonere mwakachetechete. Pachitseko loko. Mayi Asiyatu apita ku Chinguluwe kukaona odwala.

Njira zotsala:
1. malungo
2. maliro a kutali
3. kunena zoona

Yachitatuyo ayi.

Loweruka

Shedi ya vidiyo yadzaza, ena aima m'mbali. Malata akutentha, ine m'jekete. Ndayankhula bwino, Mulungu ndi mboni. Za kulimba mtima kwa wandevu, za chikondi cha bambo pa mwana. Wina wapukuta misozi. M'manja phwaphwaphwa! Andikhazika kutsogolo, pambali pa Che Saidi.

Filimu yayamba.
- wandevu ndi wakuba. Wagwa m'chitsime pamphindi zisanu zoyamba, osaonekanso.
- galimoto ija ndi maloto a munthu wina.
- mtsikana akulira chifukwa akudula anyezi. Anyezi!
- kuvina, kuvina, kuvinanso.
- nkhani yonse ndi ya mbuzi. Mabanja awiri akuilimbirana.

Kenako wina kumbuyo: "Mwina wandevu atuluka." Shedi yonse gwedegwede ndi phwete. Mbuzi ikangoonekera, onse akutembenukira kwa ine. Che Saidi andiweramira mwaulemu ndithu: "A telala, mwanayu akubedwa nthawi yanji? Ndisachedwe Swala kumzikiti."

Chitseko chili kumbuyo kwenikweni. Ndakhala pomwepo maola atatu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala pambuyo pa nsanamira. Wina wa kwaya walira ngati mbuzi chapansipansi. Kapena ndi makutu anga.

Pobwerera ndaulula zonse kwa akazi anga: suti, mpando, nyale. Sanaime n'komwe. "Dera lonse likudziwa, abambo. Timangokusungirani."

Zaka zonsezi! Ndi moni wa manja awiri uja!

Masana Mayi Asiyatu abwera okha. Ndakonzeka kupepesa, andidula. Akuti asodzi sanasekepo chotero chaka chino, akundifunanso Loweruka. Koma apereka lamulo limodzi: ndisayerekeze kuionera filimuyo.

Ndavomera. Nanga ndikanatani? Ndangopempha kuti azindikhazika pafupi ndi chitseko.