Nkhondo ya Madibaga Awiri pa Dowa Boma

Tcherani khutu, inu mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pakuti m'nyengo imene uthenga wa mpingo unasiya njinga n'kuyamba kuyenda pa foni, kunabuka nkhondo yoopsa m'kachipinda kena pa Dowa Boma.

M'menemo munali akatswiri awiri olemba mapulogalamu, ogawana laputopu imodzi: Moffat, Njati ya ku Kasakula, wokonda zakale kufikira imfa, ndi Wezzie, Mphezi ya Zala Khumi, amene sanagonjepo pa mtsutso chibadwire. Iwo anapangira mpingo wina pulogalamu yotumiza mauthenga, ndipo inatumikira mokhulupirika kufikira tsiku limene inasokoneza maudindo a anthu n'kulengeza kuti: "Malemu Yeremiya adzakhala ku tchalitchi Loweruka." Amayi a Chigwirizano anathamangira kunyumba ya Abusa Yeremiya akulira, n'kupeza malemuwo akudyetsa nkhuku.

Tsono panafunika dibaga, chida choonetsa pa sikirini mmene pulogalamu ikuyendera mzere ndi mzere mpaka cholakwika chigwidwe. Zida zotere zinalipo zaulere, zotsegukira aliyense. Chosowa chinali kumvana basi.

Moffat anaimirira, dzanja lili pachifuwa. "Achemwali, ine ndinaleredwa ndi dibaga wotchedwa DDD, wojambula mabokosi ndi mivi, ndipo m'manja mwake ndidzaferamo."

Wezzie anayankha kuti chidacho chimaoneka ngati wailesi ya m'sitolo yotsekedwa, ndipo analumbira pamaso pa thebulo ndi mipando kuti gdbgui yekha, dibaga wotseguka mu bulawuza ya intaneti, ndiye adzalowe mu laputopuyo.

Nkhondo inakula. Moffat akapita kukagula chimanga chootcha, Wezzie ankachotsa DDD. Wezzie akatuluka kukayankha foni, Njati inkabwezera chipongwe. Cholakwika chija chinangokhala phee, chikunenepa, ndipo Loweruka lisanafike chinali chitapha kale mlembi wa mpingo, woyimbitsa kwaya ndi akulu ampingo angapo.

Pamenepo Abusa Yeremiya anakwera kabaza, nafika, nakhala pakhomo penipeni, chipewa chili pabondo. Ananena mofatsa kuti munthu wakufa alibe kothamangira, choncho sachoka pamenepo mpaka ataukitsidwa, ndipo wina aliyense satuluka, ngakhale kupita kuchimbudzi.

Ankhondowo anapirira kufikira masana, tiyi wam'mawa atayamba kulankhula m'mimba. Atathedwa nzeru anatsegula madibaga onse awiri, sikirini ataigawa pakati ngati munda wamasiye. Wa Wezzie anaimitsa pulogalamu pa mzere wokayikitsa. Wa Moffat anajambula muvi ukudumpha bokosi la "Abusa" n'kugwera la "Malemu". Mmodzi mwa akatswiriwo anali atawonjezera nambala imodzi pamene sinafunike, pa mzere wosankha maudindo. Anagwirizana msangamsanga kuti asafufuze kuti anali ndani, ndipo uwu ndiwo unali mgwirizano wawo woyamba.

Mtendere unakondwereredwa mwaulemerero. Laputopu inafunditsidwa chitenje, n'kunyamulidwa mozungulira thebulo, Njati ndi Mphezi zikumwa Fanta imodzi mosinthana, Abusa akutsogolera nyimbo ya kuuka kwa akufa.

Pokwera kabaza, Abusa anamuitana Wezzie pambali n'kufunsa ngati onse anali atadzutsidwa. Atamva kuti watsala woyimbitsa kwaya yekha, anamunong'oneza kuti:

"Ameneyo musamufulumizire, mwanawe. Apumeko mpaka Lolemba."