Galimoto Yopanda Dzina

Lolemba
Amayi akufika Loweruka kuchokera ku Ntcheu. Minibasi ya malemu bambo, imene anagulitsa kuti ine ndibwere kuno ku Leicester, inali yolembedwa TIDZAFIKA kumbuyo. Ndinawalonjeza amayi kuti galimoto yanga yoyamba idzatenga dzinalo. Galimoto ilipo tsopano. Kuno anthu amagula nambala puleti yakumtima kwawo, nanga ine ndilekerenji? Zochita: kugula nambala, kutsuka mipando, kuchotsa magolovesi akuntchito m'buti.

Lachiwiri
Pa buleki kunyumba yosamalira okalamba, ndili pa intaneti ya boma. Kalanga ine! Ati zilembo zanga zachuluka, komanso pakati pafunika manambala. Zimene akundilola kusankha zikuoneka ngati dzina la mankhwala. Dziko la ufulu wolankhula lija ndi limeneli? Kwathu munthu amanyoza apongozi ake pa bampala, wapolisi n'kumawerenga akuseka.

Lachitatu
Kashopu ka mapuleti ku Spinney Hill. Mwini wake akuti andipangira, koma yopachika m'nyumba basi, osati yapamsewu. Ndikugwedeza mutu ngati ndamva.

Lachinayi
Ndaimanga pagalimoto. Kukongola kwake! Misozi ikulengeza. Ndisanatuluke n'komwe mu Leicester, apolisi. Aulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene ukundipweteka, chifukwa palibe pokanganira. Ndikumasula dzina la bambo m'mbali mwa msewu, ndili mu yunifolomu. Kuntchito ndachedwa.

Lachisanu
Chabwino, sitika pagalasi lakumbuyo. Akazi anga: "Ine ndimapita nayo kuchipatala iyi, si yoitanira anthu a ku Limbe." Mwana wathu akuvomereza m'Chingerezi. Sitika yamatulidwa. Ndikulemba ndi chala pafumbi. Mvula. Zoona Mulungu, ngakhale mitambo ya kuno ili mbali ya boma!

Loweruka
Amayi afika, ndawachingamira kubwalo la ndege. Akuizungulira galimoto kawiri, kenako akuwerama kumbuyo nthawi yaitali.
"Yabwino, mwanawe. Koma ilibe dzina. Ndi yaboma?"
Ndikuika sutukesi yawo m'buti. Njira yonse ndikungowaonetsa milatho.

Lamulungu
Aipeza puleti ija kuseri kwa firiji. Ndikufotokoza zonse: zilembo, apolisi, mvula. Sakundidzudzula. Akuipukuta ndi nsonga ya chitenje, akuilonga m'sutukesi.
"Ndikaimanga pangolo ya amalume ako. Kumeneko kulibe woletsa."
Mtima ukundiwawa, koma ndingatani? TIDZAFIKA akubwerera ku Ntcheu kukakokedwa ndi ng'ombe. Ine, amene ndinafika, ndikutsala ndi manambala a boma. Mawa shifiti yam'mawa.