Apongozi a M'shedi ya ku Tengwe

Ku Tengwe aliyense ankadziwa kuti a Ambrosio anali ndi apongozi okhala m'shedi ya pulazi. Apongoziwo anali lawi la tochi ya gasi yodulira zitsulo. M'mawa ankalipatsa moni, madzulo n'kulitsanzika, ndipo woseka ankamutulutsa panja.

Lazalo anakumana nawo chaka chimene Chitaganya chinayamba. Anali atangofika pa lole ya Ulere, yonyamula ofuna ntchito osalipira, kuchokera kwawo ku Ntcheu, kapitawo n'kumutuma kushedi kukatenga khasu. Anapeza a Ambrosio, mkulu wamfupi wa ku Tete, magalasi akuda kumaso, atanjuta pafupi ndi mabotolo awiri otalika ngati munthu, lina lakuda, lina lofiira.

"Tembenuka, Mnyasalande," anatero mkuluyo osacheuka. "Kwanu apongozi mumawayang'ana m'maso?"

Lazalo anamwaza maso kufuna mayi, koma anangoona kalawi kakulira ngati njoka. Tsiku lonse anayenda ndi kadontho kobiriwira m'maso.

Zikanathera pomwepo pakanapanda Ricardina, mwana wa a Ambrosio, amene ankasankha fodya. Patapita zaka Lazalo anatuma ankhoswe, ndipo anabwerako ndi yankho lalifupi. Mnyamatayo aphunzire kudula puleti yachitsulo motsata mzere wa choko. Fodya akayamba kuthyoledwa iye asanadziwe, pali Sebastiao woyendetsa thirakitala, yemwe anali ndi njinga ya belu.

Sukulu inayamba ndi sopo.

"Samba m'manja. Mayiwa ndi girisi samwerana madzi. Botolo lakudali likangomununkhiza, liphulika, tonse akatitolera kutauni ku Karoi."

Lazalo anatsegula gasi wa botolo lofiira n'kuyatsa. Panabuka lawi lachikasu, mwaye ukuuluka ngati ntchentche.

"Adzuka, koma sanasukusule. Apatse mpweya wa lakudalo, pang'onopang'ono."

Lawi linafupika, n'kutsala kalilime kakuthwa. Lazalo, maganizo ali pa belu la Sebastiao, anakanikiza chogwirira chodulira pa chitsulo chozizira. Panangoda bii.

"Wangofika pakhomo n'kuyamba za mwana wawo? Moni kaye. Tenthetsa m'mphepetemo mpaka papse ngati phwetekere, ndiye unene chimene wadzera."

Tsiku lina anagunditsa mlomo wa tochi pachitsulo. Inaphulika kuti phwaa, lawi n'kuzima, ndipo Lazalo anapezeka ali kuseri kwa ngolo.

"Wawakhudza," anatero a Ambrosio akutseka mabotolo mosafulumira. "Mkamwini amagwada chapatali."

Akayendetsa dzanja mofulumira, mbaliwali zinkabwerera kumaso, chitsulo osabooka. "Wathamanga, asiya kukuyankha." Akachedwetsa, chitsulo chinkasungunuka n'kumatananso m'mbuyo mwake. "Wakhalitsa. Mlendo ndi mame." Puleti yake yoyamba inatuluka ndi m'mphepete ngati msana wa ng'ona, ndipo chidutswa chamoto chinagwera pa nkhwaira zake. Amene anaona amati gule wotero sanavinidweponso mu komboni monse.

Chaka chimenecho mzungu wa pulazi anali atamanga mabalani atsopano otenthera fodya, ndipo ng'anjo iliyonse inkafuna chitseko chachitsulo. Lazalo anadula chitseko, nadula china. Dzanja linakhazikika, mbaliwali zikutsikira pansi ngati mvula yowaza. Koma a Ambrosio, atakhala pa diramu, ankayendetsa chala chachikulu m'mphepete n'kupukusa mutu.

"Apa panjenjemera. Tenga ina."

"Bambo, masamba ayamba kuyezuka m'munda."

"Ndiye fulumira. Koma usathamange."

Madzulo belu la Sebastiao linkamveka cha kumpopi kumene Ricardina ankatunga madzi, ndipo Lazalo anayamba kuonda.

Tsiku lina masana, m'shedi mmene simunkalowa akazi munalowa mayi Adélia, akazi a a Ambrosio. Lazalo anazimitsa tochi n'kugwada, magalasi akuda ali kumaso.

"Bambo a Ricardina, zitseko zatha?"

"Chatsala chimodzi, mayi," anayankha a Ambrosio.

"Ine ndinavomera ukwatiwu mvula isanagwe, ndipo mwana anamukana wa njingayo inu muli pomwepo. Mwana wa eni akeyu mukumugwiritsa ntchito yanu mpaka liti?"

A Ambrosio anatsitsa magalasi amene anali pachipumi, ngakhale kuti panalibe moto woyaka. Anatola chitseko chimene anali atachikana m'mawa, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chawongoka," anatero.

Mayi Adélia potuluka anatola puleti ya msana wa ng'ona ija pakona, n'kukaisandutsa chiwaya. Ukwati anadalitsa fodya ali m'mabalani.

A Ambrosio anamwalira chaka chimene Chitaganya chinatha. Shedi ilipobe, ndipo gasi amadula chitsulo monga kale. Koma amene anabwera pambuyo amangoyatsa ngati akuyatsa mbaula, osalonjera, ndipo tochi ikaphulika amatukwana. Odutsa pamsewu wa kumabalani sachedwanso pakhomopo, poti palibe choti akasimbe ku komboni.

Chilimwe chomaliza cha a Ambrosio, maso atachita ng'ala, mayi Adélia atatsogola kale, ankakhala pakhonde kwa Lazalo, amene tsopano ndiye anali mwini tochi. Madzulo ena Ricardina ataphula mtedza, mkuluyo anapempha chiwayacho chitazizira. Anachiika pamiyendo, nayendetsa chala m'mphepete, dzino ndi dzino.

"Anadula ichi ndani?"

"Ndine, bambo."

"Unabwera pa Ulere, mkazi unatenganso pa ulere."

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa magalasi akuda aja, lamba wake atasanduka chingwe cha luzi.

"Mawa ukawapatse moni apongozi a m'shedi aja. Ukawauze kuti sindibweranso, koma ndawasiyira munthu waulemu."